Likongwe Asankhira Tambala Galu Wankhonya

Panangokhala, inu muziti tili tonse, kale lija agalu asanapite kukakhala ndi anthu, panali Tambala ndi mkazi wake Thadzi.

Pakhomo pawo panali chilichonse kupatula ana. Thadzi ankaikira dzira m'mawa uliwonse, n'kulifunditsa udzu, kenaka iye ndi mwamuna wake n'kupita kudimba kukapalasa. Akabwerako dzuwa litapendeka ankapeza chisa chili chokhachokha, ngakhale chigoba osachiona. Zaka ziwiri zinatha choncho. Abale a Tambala anayamba kumunong'oneza kuti akwatire wina, ndipo Thadzi anamanga katundu wake kangapo kuti azipita kwawo.

Nthawi zonse akakangana ankaitana ankhoswe. Tsono amalume a Tambala onse anali atathera m'miphika ya pa zikwati, kotero unkhoswe anaupereka kwa mnansi wawo Likongwe, kanyama kowonda, koyenda mwaulemu, ka pakamwa potsekemera. Likongwe ankabwera, n'kukhala pampando, n'kupukusa mutu.

"Banja ndi kupirira, ana anga. Masulani katunduyo, mayi. Mawa muikirenso."

Anali ndi chifukwa chonenera choncho, pakuti wakuba mazirawo anali iye yemweyo. Akakhuta ankaimba kanyimbo kake. Kankanena za kanyumba koyera kopanda khomo, mmene mumagona dzuwa laling'ono, ndi za mlendo amene amagogoda kamodzi kokha. Kumapeto kwake mawu ankatsika ngati munthu akumeza. Tambala ankakakonda kwambiri, ndipo ankavomereza mokweza, khosi lili tasa, osadziwa chimene akuvomereza.

Tsiku lina Thadzi anati, "Bambo, ndatopa nako kupirira. Tipeze galu."

"Galu!" anatero Tambala akuomba mapiko. "Zoona! Ndinali pafupi kuganiza zimenezo ine. Tiyeni tikauze ankhoswe!"

Likongwe atamva, nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Nzeru zimenezo," anatero. "Koma kusankha galu si kusankha dzungu. Ndikuperekezani, ine agalu ndimawadziwa."

M'masiku amenewo agalu onse ankakhala pabwalo limodzi, ndipo wowayang'anira anali Nyakwawa, galu wamkazi wa imvi kukamwa. Atatuwo atafika, agalu anawazungulira, ataliatali ndi aafupi, amakutu oimirira ndi amakutu ogwa, aliyense akudzichemerera. Tambala anangoti kukamwa yasa.

"Lamulo lathu ndi ili," anatero Nyakwawa. "Mutenga galu, mukhala naye masiku atatu. Akapanda kukuyenerani, mumubweza. Wachiwiri chimodzimodzi. Koma wachitatu sabwezedwa, ameneyo ndi wanu mpaka imfa. Nenani, pakhomo panu mukufuna galu wotani?"

"Wamphuno yakuthwa," anayankha Thadzi. "Woti akanunkhiza chisa adziwe wakuba."

Nyakwawa anaitana Liwiro, galu wa uzimba, wamiyendo ngati bango. Liwiro anangokweza mphuno kamodzi, n'kuyang'ana Likongwe nthawi yaitali.

"Ankhoswe, mukununkha ngati..."

"Ngati apabanja pano," anamudula Likongwe. "Ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Tiyeni, dzuwa likutha."

M'mawa mwake Thadzi anaikira, n'kupita kudimba ndi mwamuna wake. Liwiro anakhala pakhomo pa chisa, maso ali tong'o. Posakhalitsa Likongwe anatulukira, akupuma ngati wathamanga.

"Iwe Liwiro, wamva zimene akunena Gwape?"

"Akuti chiyani?"

"Ayi, zisiye. Zingakupweteke mtima."

"Nenani!"

"Akuti iwe unakalamba. Akuti n'chifukwa chake akupatsa ntchito yolondera nkhuku. Ali kuseri kwa chulu uko, akuseka ndi anzake."

Liwiro sanamve mawu otsiriza. Linangooneka fumbi. Likongwe analowa m'chisa, anagogoda kamodzi, n'kutuluka akuimba kanyimbo kake ka kanyumba koyera. Tsiku lachiwiri anati amene akunyoza ndi Mphoyo. Lachitatu sanavutike n'komwe, anangoloza kutchire ndi mchira.

Anamubweza Liwiro.

"Ndinadziwa," anatero Nyakwawa. "Wauzimba mtima wake uli kutchire. Amayenera pakhomo pa mlenje."

"Tsono tipatseni wokhala pakhomo," anatero Tambala. "Wosakonda kuyendayenda."

Anawapatsa Thonje, kagalu ka ubweya wautali woyera, kamene kanali ndi liwu lakuthwa ngati mluzu. Kameneka sikankachoka pakhonde, ndipo ngakhale tsamba likagwa kankauwa. Likongwe anakayang'ana tsiku lonse loyamba osapeza polowera. Dzira la tsiku limenelo akanalitaya, koma madzulo, Tambala ndi Thadzi ali pafupi kubwera, anaona Thonje akudzinyambita mwendo umodzi nthawi yaitali chifukwa cha kachitsotso kamodzi. Likongwe anaseka chamumtima.

Anathamangira kuthengo, n'kukolola njere za chisoso, zakuda zomata zija, n'kuzimwaza pamene Thonje ankakonda kugubuduka. Sipanapite nthawi, kagalu kanali kakuda bii, kakulira.

"Ubweya wanga! Ankhoswe, ubweya wanga!"

"Pepa mwanawe. Gona apa ndikuchotse. Koma utsinzine, njerezi zikalowa m'maso suonanso. Uwerenge mpaka makumi asanu."

Thonje anatsinzina. Asanafike pa makumi awiri, Likongwe anali atagogoda kale. Masiku awiri otsatirawo zinayenda chimodzimodzi, ndipo kanyimbo kanamveka m'njira monse.

Madzulo a tsiku lachitatu, Likongwe atabwera kudzapepesa monga mwa udindo wake, Thadzi anaona njere zitatu za chisoso zitamatirira kunsonga ya mchira wa ankhoswe. Anayang'ana Thonje, anayang'ananso mchirawo. Anasunga zimenezi mumtima. Munthu sanganeneze nkhoswe chifukwa cha njere zitatu, makamaka kwa mwamuna amene amavomereza nyimbo zake.

Anabwereranso kubwalo.

"Watsala mmodzi," anatero Nyakwawa. "Ganizani bwino."

Likongwe nayenso ankaganiza bwino. Galu wa masiku atatu unganamize, koma wa moyo wonse ayenera kukhala chitsiru chenicheni. Anayendayenda pakati pa agalu akuyang'ana. Uyu anali wochenjera m'maso, uyo anali ndi mano ochititsa nthumanzi. Kenaka anamva phokoso kumbuyo, phuu! Galu wina anali atagunda mtengo akuthamangitsa gulugufe. Anadzuka, anadzikutumula, n'kuyamba kulumpha ataimirira ndi miyendo yakumbuyo, akumenya mphepo ndi yakutsogolo ngati munthu woponya zibakera.

Anali wachifuwa chotakata, waubweya waufupi wofiirira, chibwano chotulukira kutsogolo, mphumi yamakwinya, dovu lili chuu. Koma chimene Likongwe anaona ndi mphuno. Inali yophwatalala ngati wina anaikhalira.

"Mphuno iyi singanunkhize ngakhale nsomba yowola," anatero mumtima. Ndipo mokweza anafuula, "Tambala! Mayi! Bwerani mudzaone! Galu ndi uyu!"

Tambala atangomuona anatengeka. "Taonani chifuwacho! Taonani nkhonyazo! Wakuba akadzangomva kamodzi, basi maliro! Mayi Nyakwawa, ameneyu ndi ndani?"

"Ndi Chibakera, wa mtundu wa bokisa. Ena amati agalu ankhonya. Koma musathamange, ndikufunseni kaye. Muli ndi bwalo loti azithamangapo?"

"Lalikulu!"

"Mthunzi ndi madzi? Mphuno yaifupiyi siigwirizana ndi dzuwa. Akatenthedwa amabanika."

"Tili ndi mtengo wa mango, ndipo madzi ndiziika," anatero Thadzi.

"Mumapirira mkonono? Dovu? Mbale zogubuduzika? Ameneyu thupi ndi la wamkulu koma mtima ndi wa kamwana, ndipo sakula msanga."

"Tipirira!" anatero Tambala.

"Funso lomaliza. Ndani azisewera naye m'mawa ndi masana? Bokisa sakhala yekha. Mukamusiya yekha amatafuna chitseko, amakumba pansi pa nyumba, amalira mpaka anansi kusamuka. Amakonda apabanja pake kuposa chakudya, koma afunika wina pafupi."

Tambala anagwetsa mapiko. "Ife timakhala kudimba tsiku lonse."

"Ndiye satiyenera," anatero Thadzi. "Tiyeni tione uyo wamano uyo."

Likongwe anayang'ana wamanoyo, n'kulumphira kutsogolo.

"Dikirani! Nanga ine ntchito yanga n'chiyani? Si ndine nkhoswe? Ndizikhala naye ine! M'mawa ndi masana, ndizisewera naye ine!"

Thadzi anamuyang'ana ndi diso limodzi, monga zimachitira nkhuku.

"Mukunena zoona, ankhoswe?"

"Pamaso pa mayi Nyakwawa ndi agalu onsewa!"

Thadzi anapita kwa Chibakera, n'kumuuza mokweza kuti aliyense amve, "Mwana wanga, awa ndi a Likongwe. Akuti amakukonda kwambiri. Akuti akufuna kusewera nawe tsiku lonse. Usadzawasiye okha ngakhale pang'ono, angadandaule."

Chibakera anagwedeza mchira mpaka thupi lonse linapindika ngati nyemba.

"Ine? Amandikonda ine? Achimwene! Achimwene anga!"

Ndipo anamunyambita Likongwe kamodzi, kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Pobwerera Likongwe anayambitsa kanyimbo kake ali chinyowere, Tambala akuvomereza, Chibakera akuuwa pakati posadziwa poyambira.

Tsiku loyamba, eni nyumba atangopita, Likongwe anafika akumwetulira.

"Chibakera, wamva zimene akunena Gwape? Akuti iwe sungamupeze."

"Gwape? Akufuna kusewera? Tiyeni tonse, achimwene!"

"Ayi, iwe tsogola, ine..."

Sanamalize. Chibakera anamunyamula pakhosi ngati kamwana, n'kuliyatsa liwiro. Anadutsa naye m'minga, anawoloka naye mtsinje, anazungulira naye chulu kasanu. Gwape sanamupeze, koma Chibakera sanadandaule. Anabwerera naye kunyumba, anamutula pansi, n'kugona atamusanjika mwendo pamsana, mkonono uli pakati.

Thadzi atabwera anasuzumira m'chisa, n'kukuwa.

"Bambo! Bambo! Lilipo! Dzira lilipo!"

Tambala analira kokoliliko dzuwa likulowa, mpaka anansi anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Anavina mozungulira chisa, anakumbatira Chibakera, anakumbatira ankhoswe.

"Ankhoswe, inu ndinu mfiti ya agalu! Imbani kanyimbo kaja!"

Likongwe anayesa, koma m'mimba munali mopanda kanthu, ndipo pamalo pomeza paja panangotuluka kachifuwa.

Tsiku lachiwiri anabwera ndi kamtengo.

"Lero masewera ndi awa. Ndiponya, iwe ukatole."

Anaponya kutali m'bango, n'kuthamangira kuchisa. Asanalowetse mutu, anamva mpweya wotentha pakhosi.

"Nako, achimwene! Ponyaninso!"

Anaponya padenga. Chibakera anagwetsa nkhokwe yaing'ono pokwera, koma anabwera nako. Anaponya m'dzenje. Chibakera anakumba, dothi lonse n'kumuthira Likongwe kumaso. Pamene mkono wa Likongwe unatopa, galu anati, "Tsopano masewera akwathu!" Anaimirira ndi miyendo iwiri, n'kuyamba: pha! kumanzere, pha! kumanja. Kwa iye kunali kusisita chabe. Likongwe anagubuduzika bwalo lonse ngati chitsononkho.

Madzulo m'chisa munali mazira awiri.

Likongwe anapita kwawo akutsimphina, koma mutu unkagwira ntchito. Anakumbukira mawu a Nyakwawa: mphuno yaifupi siigwirizana ndi dzuwa.

Tsiku lachitatu sanabwere m'mawa. Anadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, pamene ngakhale abuluzi amabisala. Anapeza Chibakera atatafuna kale theka la chitseko chifukwa chosungulumwa.

"Achimwene! Munali kuti? Ndimayesa mwandiiwala!"

"Ndingakuiwale iwe? Lero ndi mpikisano. Ine ndikhala pansi pa mango kuwerenga. Iwe uzungulire bwalo lonse kakhumi. Liwiro ankazungulira kakhumi osapuma."

"Ine ndizungulira makumi awiri!"

Anazungulira kasanu akuseka. Kakhumi lilime linatuluka. Atafika khumi ndi kasanu mpweya unayamba kulira ngati mvukuto wobooka, miyendo inagwedera, ndipo anadzikoka mpaka pamthunzi n'kugwa, khu!

"Achimwene... dikirani... pang'ono..."

"Puma, m'bale wanga. Puma ndithu."

Likongwe analowa m'chisa. Mazira atatu, oyera mbee! Njala inamuuza kuti adyere pomwepo, koma dyera linamuuza kuti awasamutse onse akadyere kwawo mosatekeseka. Anakumbatira limodzi pachifuwa, n'kutuluka akuyenda ndi miyendo iwiri, kanyimbo kakuyamba kale kukhosi.

Chimene sanaone n'chakuti Thadzi anali atasiya phale lodzaza madzi kuseri kwa mtengo wa mango. Chibakera anamwa, anaviikamo mutu, anagonamo ndi chifuwa. Maso anayera. Atadzutsa mutu anaona mbale wake akuyenda monyang'ama atanyamula kanthu koyera kobulungira.

"Mpira! Achimwene abweretsa mpira!"

Likongwe anacheuka, anaona chifuwa chija chikubwera, n'kuthawa. Anakhotera kwawo, Chibakera anamutsekera. Anakhotera kuthengo, Chibakera anali kale komweko akulumphalumpha. Njira yotsala inali imodzi yokha, ndipo inali yopita kudimba. Anatulukira pakati pa Tambala, Thadzi, Bakha, Nkhanga ndi ena onse opalasa, dzira lili pachifuwa, galu ali pambuyo.

Onse anasiya kupalasa, n'kumuyang'ana.

Koma Likongwe ndi Likongwe. Anagwada pamaso pa Thadzi, n'kupereka dziralo ndi manja awiri, misozi ikulengeza.

"Landirani, mayi! Ndalilanditsa! Wakuba ndi galuyu! Ndinamupeza mutu uli m'chisa, ndipo ndaika moyo wanga pachiswe chifukwa cha mwana wanu!"

"Ha!" anakuwa Tambala, lipombo lili psuu. "Galu wa moyo wonse, ndiye wakuba? Mutengereni miyala! Achoke!"

Bakha ndi Nkhanga anayamba kutola miyala. Chibakera anaona nkhope zokwiya, anakhala pansi, anapendeketsa mutu. Sanamvetse chimene walakwa.

"Taimani," anatero Thadzi. "Bambo, galuyu wabwera liti?"

"Dzana."

"Mazira anayamba kusowa liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo," anayankha Tambala.

Thadzi anaika dzira pansi patsogolo pa galu. "Chibakera, uyu si mpira. Ndi mng'ono wako, ali m'kati."

"Mng'ono wanga? Mmenemu?" Chibakera anatsitsa mawu. Anagona chafufumimba, anazinga dziralo ndi miyendo yake yankhonya ija mosamala, n'kuyamba kupuma pang'onopang'ono kuti asalidzutse.

"Tsopano, mwana wanga, tiuze. Unaona chiyani?"

"Ndinatopa ndi mpikisano umene achimwene anandipatsa padzuwa. Iwo analowa m'chisa, n'kutuluka akuimba. Amaimba bwino achimwene! Kaja ka kanyumba koyera kopanda khomo!"

Nkhanga anayang'ana dzira. Bakha anayang'ana dzira. Pomaliza Tambala nayenso anayang'ana dzira, loyera, lopanda khomo.

"Mayo ine!" anafuula. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuvomereza!"

Anamulumphira Likongwe ndi zikhadabo, ena onse ndi miyala yawo ija. Koma Chibakera anaima pakati.

"Musawapweteke! Ndi anzanga osewera nawo!"

Likongwe anaona mpata. "Zoona, m'bale wanga. Tisewere kamodzi komaliza, chibisalirano. Aliyense atsinzine, iwe uonetsetse kuti palibe wosuzumira."

"Tsinzinani nonse!" analamula Chibakera mosangalala, ndipo poona kukula kwa chifuwacho, onse anatsinzina. Atatsegula maso, nsonga ya mchira wa Likongwe inali ikulowa m'una wa pachulu. Chibakera anakumba mpaka madzulo, koma mauna a chulu ndi ambiri. Likongwe sanayerekezenso kuponda pakhomo paja. Mpaka lero amakhala m'mauna, ndipo akatuluka amayamba waimirira n'kuunguza uku ndi uku.

Thadzi anasiya kupita kudimba, anaikira ena anayi, n'kukhalira mazira ake. Chibakera anagona pakhomo pa chisa masabata atatu, akufunsa tsiku lililonse ngati ang'ono ake adzuka. Tsiku limene anaswa, anapiye asanu ndi awiri, galu anathamanga mozungulira nyumba mpaka anagwetsa mtondo, thandala ndi Tambala yemwe. Koma atafika pa anapiye anagona pansi, iwo n'kumukwera pamsana, kumujompha makutu, iye ali phee, dovu lokha likuyenda. Mphamba anayesa kamodzi kutsika pabwalopo. Analandira chibakera chimodzi, ndipo nthenga zake anapiye anaseweretsa mwezi wathunthu.

Panatsala nkhani imodzi. Anapiye anali aang'ono, Thadzi anali wotanganidwa, ndipo bokisa amafuna wothamanga naye. M'bandakucha wina Tambala ali m'tulo pamtanda wake, anamva mtanda ukugwedezeka. Anatsegula diso. Pansi panali mphuno yophwatalala ndi kamtengo kukamwa.

"Bambo! Kwacha! Tiyeni!"

"Sikunache, iwe. Mayi, muuzeni galu wanuyu."

"Wanga?" anatero Thadzi osadzutsa mutu. "Amene anati 'taonani chifuwacho' ndani? Dzukani, bambo."

Pha! chibakera pamtanda. Tambala anagwa pansi, anakuwa ndi mawu ake onse, n'kuyamba kuthamanga, galu ali pambuyo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka thupi linazolowera. Ndiye mukamva tambala akulira kusanayere, musamayese ndi khama. Akudzutsa anzake kuti wina abwere adzamulandire galuyo.

Yanga yaswa pamenepa, chigoba chake tayani kudzala.